Mmene Banja Lingakonzere Zolinga za Chikhulupiriro ndi Thanzi M'chaka Chatsopano

Chaka chikamapita kumapeto, m'nyumba zambiri mumamveka malonjezo. Bambo amati chaka chikubwerachi asiya kugona mochedwa ndipo ayamba kuthamanga m'mawa uliwonse. Mayi amati awerenga Baibulo lonse, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso. Ana amangouzidwa kuti kuyambira pa 1 Januwale aliyense azidzuka m'bandakucha kudzapemphera. Pofika pakati pa Febuluwale zonse zija zazilala, ndipo palibe amene amazitchulanso poopa kuchititsana manyazi.

Izi ndaziona m'banja langa lomwe, zaka zingapo zotsatizana, ndipo zinkandipweteka mtima chifukwa zimene tinkafunazo zinali zabwino ndithu. Nditakhala pansi n'kuziganizira, ndinapeza kuti malonjezo athu ankafa pa zifukwa zitatu. Aliyense ankalonjeza payekha. Tinkalonjeza zambirimbiri nthawi imodzi. Ndipo panalibe lonjezo ngakhale limodzi limene linali ndi ola lakelake pa tsiku. Chachitatuchi ndiye chachikulu. Cholinga chimene sichinapatsidwe nthawi yake chimalimbirana malo ndi ntchito, sukulu, kutopa ndi foni, ndipo chimagonja ndi icho.

Mwina mukufunsa chifukwa chake ndikuphatikiza chikhulupiriro ndi thanzi. N'chifukwa choti ziwirizi zimadya m'mbale imodzi, mbale yake ndi maola a tsiku. Munthu amene wagona 1 koloko usiku sangadzuke ndi mtima wopemphera, ndipo mwana wanjala kapena watulo samva Malemba. Pa 1 Mafumu 19 timawerenga za Eliya atathawira kuchipululu, atalefuka mpaka kupempha kuti afe. Iye anagona tulo, ndipo mngelo anamudzutsa kawiri konse kuti adye ndi kumwa. Atatero m'pamene anayenda ulendo wa masiku 40 kukafika kuphiri la Horebu, kumene anamva mawu a Mulungu. Thupi linayamba lasamalidwa.

Gawo 1: Yambani mwakambirana akuluakulu nokha

Musanaitane ana, inu makolo khalani pansi awiri. Ngati mukulera nokha, pezani mphindi zingapo zachete ndi kope, kapena kambiranani ndi wachibale wamkulu amene mumakhala naye. Funsanani moona mtima za chaka chikuthachi. Kodi tinapemphera limodzi kangati pa sabata? Ndani anadwaladwala, ndipo ankadwala chiyani? Madzulo athu amatha bwanji, kuyambira pamene tafika pakhomo mpaka pokagona? Ndi chiyani chinayenda bwino chimene sitikufuna kuchitaya?

Funso lomalizali musalilumphe. Banja lililonse lili ndi kanthu kamene limachita bwino kale, kaya ndi kudalitsa chakudya, kaya ndi kupita limodzi kokapembedza, kaya ndi kugona msanga. Zatsopano mudzazimanga pamenepo.

Kukambirana kumeneku si bwalo la milandu. Mukayamba ndi mawu akuti "inu simuchita", nkhani yathera pomwepo. Yambani ndi zanu: "Bambo a ana, ine ndaona kuti ndimatha nthawi yambiri pafoni madzulo, ndipo ndikufuna mundithandize." Mnzanuyo akamva choncho, nayenso amamasuka kutchula zake.

Gawo 2: Itanani banja lonse, ndipo ana ayambe ndi iwo kulankhula

Sankhani tsiku ndi nthawi imene aliyense wadya ndipo sakuthamangira kwina. Mphindi 30 mpaka 40 n'zokwanira, makamaka ngati muli ndi ana aang'ono. Mafoni akhale patali, wailesi ya kanema izimitsidwe. Aliyense wokhala m'nyumbamo akhalepo, agogo ndi ana a achibale omwe, chifukwa liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene sanakhalepo poyamba adzaona zolingazo ngati lamulo la anthu ena.

Tsegulani ndi pemphero lalifupi, kenako funsani mafunso awiri okha. Loyamba: chaka chino tingatani kuti tiyandikire kwa Mulungu monga banja? Lachiwiri: tingatani kuti matupi athu akhale amphamvu? Wamng'ono pa onse ayambe kuyankha, ndipo makolo amalize. Mukayamba inu akuluakulu, ana amangobwereza zimene mwanenazo, ndiye simudziwa zimene zili mumtima mwawo.

Mmodzi alembe yankho lililonse, ngakhale looneka lachibwana. Mwana akanena kuti akufuna muzisewera naye mpira, wakupatsani kale cholinga cha thanzi. Akanena kuti, "Amayi, mapemphero amatalika, ine ndimagona," musamukalipire. Wakuuzani chimene chinapha mapemphero a chaka chatha.

Gawo 3: Dulani mndandandawo

Mukamaliza mudzakhala ndi zinthu mwina 15 kapena 20. Sankhanipo zinayi zokha, ziwiri za chikhulupiriro ndi ziwiri za thanzi. Ngati ndi koyamba kuchita zimenezi, chimodzi mbali iliyonse n'chokwanira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zotsalazo musazitaye. Zilembeni kumapeto kwa kope, mudzazitenge pakati pa chaka zoyambazo zikakhazikika.

Posankha, tengani zimene aliyense angathe kuchitako, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Munthu akafuna kukhala ndi chake chapadera, monga kusiya fodya kapena mowa, achilembe payekha ndipo apemphe banja kuti limuthandize.

Gawo 4: Dziwani pamene matupi anu ali

Musanalembe zolinga za thanzi, akuluakulu onse akayezetse. Matenda ena oopsa amakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro. Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP, ndi amodzi mwa matenda otere. Munthu amayenda bwinobwino, kugwira ntchito, kuseka, pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi vutoli ngati pomuyeza masiku awiri osiyana nambala yapamwamba yafika 140 kapena kupitirira, kapena yapansi yafika 90 kapena kupitirira. Kuyezako sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa.

Yezetsaninso shuga, makamaka ngati m'banja mwanu muli amene anadwalapo matendawa, ngati thupi lakula kwambiri, kapena ngati mukumva ludzu pafupipafupi ndi kukodzakodza usiku. Ndi bwinonso kuti okwatirana adziwe mmene magazi awo alili pa nkhani ya HIV. Kwa amayi, WHO imalangiza kuyamba kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero pa zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25. Atsikana a zaka 9 mpaka 14 ndi amene amayenera kulandira katemera wa HPV, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Tsegulani mabuku a kuchipatala a ana muone ngati pali katemera amene anaphonya.

Kwa mabanja ambiri, gawo ili palokha ndi cholinga choyamba cha chaka: pofika pa 31 Januwale, wamkulu aliyense akhale atayezetsa ndipo manambala ake alembedwe m'kope. Amene ali ndi matenda a mtima, woyembekezera, kapena wokalamba amene wakhala nthawi yaitali osachita masewera olimbitsa thupi, afunse achipatala asanayambe zatsopano.

Gawo 5: Lembani zolinga za chikhulupiriro zoti munthu angathe kuziwerenga

Mawu akuti "tikhale opemphera" ndi khumbo labwino, koma pakutha kwa sabata simungadziwe ngati mwachita kapena ayi. Cholinga chizinena chochitika chenicheni ndi kuchuluka kwake.

Tiyambe ndi kuwerenga Malemba, chifukwa apa m'pamene ambiri amadzisenzetsa katundu wolemera. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189. Kuti mulimalize m'chaka chimodzi muyenera kuwerenga mitu itatu kapena inayi tsiku lililonse osaphonya. Munthu wamkulu payekha angathe, koma banja lokhala ndi ana limakakamira likafika ku Levitiko, ndipo likatsalira sabata ziwiri limataya mtima. Pali njira zopepukirapo. Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260, ndipo chaka chili ndi masabata 52. Mukamawerenga mutu umodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, mudzachimaliza chonse chaka chikamatha, ndipo sabata iliyonse mudzakhala ndi masiku awiri opuma kapena obwezera pamene munatsalira. Mauthenga Abwino anayi, Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane, ali ndi mitu 89 yonse pamodzi, ndiye mukamawerenga mutu umodzi tsiku lililonse osapuma angathe m'miyezi itatu. Buku la Miyambo lili ndi mitu 31, yolingana ndi madeti a mwezi, moti pa 12 mumawerenga mutu 12 ndipo simusokonezeka. Masalimo alipo 150, limodzi pa tsiku limakufikitsani miyezi isanu.

Ngati ana anu ndi aang'ono, ine ndingati yambani ndi Marko. Ndi lalifupi, mitu 16 yokha, ndipo nkhani zake zimayenda mofulumira. Musakakamire kumaliza mutu wonse. Werengani nkhani imodzi, mavesi 10 kapena 15, kenako funsani: chachitika n'chiyani apa? Tikuphunzirapo chiyani za Mulungu? Mawa tichita chiyani chifukwa cha zimenezi? Amene amatha kuwerenga azisinthana, ndipo wamng'ono apatsidwe ntchito yobweretsa Baibulo kapena yosankha nyimbo.

Ndikulemba monga Mkhristu, koma njirayi ingagwirenso ntchito m'banja la Chisilamu. Qur'an ili ndi masura 114 ndipo inagawidwa kale m'zigawo 30, choncho n'kosavuta kuigawa pa miyezi ya chaka, ndipo nthawi zisanu za swala zili kale ndi malo ake pa tsiku.

Pa pemphero, chepetsani nthawi kuti muchulukitse masiku. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaumba banja kuposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Sungani tsamba limodzi m'kope lolembapo zopempherera, ndi deti lake, ndipo pambali pake musiye mpata wodzalemba yankho likabwera. Ana akamaona tsamba limenelo likudzaza, amaphunzira za pemphero zimene ulaliki sungawaphunzitse. Mulembemonso zimene sizinayankhidwe monga mmene munkafunira, ndipo mukambirane nawo moona mtima, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti pemphero lililonse limabweretsa chimene wapempha adzakhumudwa kwambiri tsiku lina.

Cholinga chachiwiri cha chikhulupiriro ndi bwino chiyang'ane kunja kwa nyumba. Mwachitsanzo, kamodzi pa mwezi banja lonse likaone wodwala, wokalamba kapena wamasiye, ndi kumugwirira ntchito imene sangathe yekha. Kapena mwana aliyense aziika padera kanthu kochepa kothandizira osowa. Chikhulupiriro chimene chimathera pa kuwerenga chimauma, ndipo ana amazindikira msanga zimenezi.

Pali chinanso chimene sichiwerengeka mosavuta koma ndikuchitchula dala. Ngati pali wachibale amene simulankhulana naye, lembani deti limene mudzamuyimbire foni kapena kupita kukamuona. N'kovuta kuphunzitsa ana za kukhululuka pamene iwo akudziwa dzina la munthu amene satchulidwa m'nyumbamo.

Gawo 6: Lembani zolinga za thanzi

Pa kulimbitsa thupi, malangizo a WHO a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera kapena ntchito yotulutsa kathukuta kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo masiku awiri pa sabata azichitanso zolimbitsa minofu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 150 zimamveka zambiri, koma ndi mphindi 30 zokha masiku asanu. Simufunika zipangizo. Kuyenda ndawala n'kokwanira, kuyenda kwake koti mukutha kulankhula koma simungathe kuyimba nyimbo. Kuvina, kupalasa njinga, kudumpha chingwe, kulima, kusewera mpira ndi ana, zonsezi zimawerengedwa. Ngati panopa simuchita kalikonse, yambani ndi mphindi 10 ndipo muziwonjezera zisanu sabata iliyonse. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Amene amayamba ndi kuthamanga mtunda wautali tsiku loyamba amadzuka miyendo ikuphwanya, ndipo tsiku lachitatu sabwereranso.

Pa zakudya, musasinthe zonse. Gwirani chimodzi. Mchere ndi poyambira pabwino chifukwa umakhudza BP ya aliyense wodya m'nyumbamo. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi ochepera pang'ono supuni yaing'ono imodzi, ndipo muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wobisika m'zakudya zogula zokonzeratu ndi m'zokometsera. Cholinga chingakhale chakuti mchere usamabwerenso patebulo, ndipo wophika azichepetsa pang'onopang'ono. Masiku oyamba anthu adzadandaula, koma lilime limazolowera pakapita masabata angapo.

Ngati vuto lanu lalikulu ndi zotsekemera, dziwani kuti muyeso wa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 a shuga wowonjezera pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo kuchepetsa kufika theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Kachitini kamodzi ka chakumwa chozizilitsa kukhosi kangathe kukhala ndi masupuni pafupifupi 10. Banja lingagwirizane kuti zakumwa zimenezi zizimwedwa tsiku limodzi lokha pa sabata, masiku enawo madzi. Kapena mungayambire mbali yowonjezera m'malo mochotsa: ndiwo zamasamba pa chakudya chilichonse chachikulu ndi chipatso chimodzi pa tsiku, mukulunjika ku magalamu 400 a masamba ndi zipatso amene amalangizidwa.

Koma ndikanati ndisankhire banja lililonse cholinga chimodzi chokha cha thanzi, ndikanasankha tulo. Akatswiri amati wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, ndipo wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Werengani chobwerera kuchokera pa nthawi yodzuka. Mwana wa zaka 10 amene amadzuka 6 koloko m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku. Chimene chimaba tulo m'nyumba zambiri masiku ano ndi foni. Gwirizanani ola limene mafoni onse amakagona pamalo amodzi kunja kwa zipinda, ndipo foni ya bambo ndi ya mayi ikhale yoyamba kufika pamenepo. Kwa ana aang'ono kwambiri, malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe foni kapena kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mukapambana pa tulo, mudzaona kuti pemphero la m'mawa lapepuka, mikangano yachepa, ndipo mphamvu zoyendera zapezeka.

Machenjezo awiri. Musaike sikelo ya mwana kukhala cholinga cha banja, ndipo musamutchule kunenepa kapena kuwonda pamaso pa abale ake. Mawu otere amakhala mumtima zaka zambiri. Sinthani zimene nonse mukudya ndi kuchita, ndipo ngati thupi lake likukudetsani nkhawa, pitani naye kuchipatala. Chenjezo lachiwiri ndikulinena ndi mtima wonse: wina aliyense asasiye mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala chifukwa choti wayamba kupemphera kwambiri. Kaya ndi a BP, a shuga, a khunyu, a matenda a maganizo kapena ma ARV, kumwa mankhwala mokhulupirika kulembedwe pakati pa zolinga zanu. Ngati mukukonza zosala kudya kumayambiriro kwa chaka, odwala shuga, oyembekezera, oyamwitsa ndi amene amamwa mankhwala tsiku lililonse ayambe afunsa achipatala, ndipo ana aang'ono asakakamizidwe.

Gawo 7: Cholinga chilichonse chipatseni ola, malo ndi mwini wake

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa zolinga zokhalitsa ndi zofera m'kope. Tengani cholinga chilichonse n'kuchimangirira ku chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku osaganizira. Mumadya chakudya chamadzulo tsiku lililonse, choncho lembani kuti: tikangomaliza kudya, mbale zisanachotsedwe, tiziwerenga ndi kupemphera mphindi 10 pomwepo. Mumabwera kuchokera kokapembedza sabata iliyonse, choncho lembani kuti: tsiku limenelo 4 koloko madzulo tiziyenda limodzi mphindi 30. Mumatsuka mano musanagone, choncho foni izikasiyidwa pamalo pake musanatenge mswachi.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Pa Deuteronomo 6:7 makolo akuuzidwa kuphunzitsa ana awo mawu a Mulungu pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Zonsezi ndi nthawi zimene zilipo kale pa tsiku la munthu aliyense. Danieli nayenso, pa Danieli 6:10, anali ndi nthawi zitatu pa tsiku ndi chipinda chake chapamwamba cha mazenera oloza ku Yerusalemu, ndipo lamulo la mfumu litatuluka loletsa kupemphera, anangopitiriza monga ankachitira kale. Chizolowezi chimene chili ndi ola ndi malo chimapirira pa nthawi yovuta.

Kenako cholinga chilichonse chikhale ndi mwini wake, wokumbutsa anzake. Ntchito ya aliyense siigwira munthu. Mwana wa zaka 8 angathe kukhala woyang'anira dengu la mafoni, ndipo adzaigwira ntchitoyo mosanyengerera. Mumupatse ufulu wonena mwaulemu kuti, "Ababa, nthawi yakwana, foni yanu sinafike." Inu bambo mukamvera pamenepo, mwaphunzitsa zambiri kuposa zimene mukananena ndi pakamwa. Ndipo musalole kuti zonse zigwere mayi, monga zimachitikira m'mabanja ambiri. Mayi akakhala yekha wokumbutsa za pemphero, za mankhwala, za tulo ndi za ndiwo zamasamba, amatopa, ndipo enawo amayamba kumuona ngati wovuta.

Pomaliza gawoli, funsani: tichotsa chiyani kuti izi zilowe? Tsiku silitalika chifukwa chaka chasintha. Pa Luka 14:28 Yesu anakamba za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Mtengo wa zolinga zanu ndi pulogalamu ina ya pakanema, macheza ena a pa WhatsApp, kapena kugona mochedwa Loweruka. Tchulani chimene mukusiya, nonse muvomereze.

Gawo 8: Zipachikeni poonekera ndipo muziziyendera

Lembani zolingazo papepala limodzi ndi zilembo zikuluzikulu, n'kulimata pamene aliyense amadutsa. Pambali pake pakhale kalendala. Tsiku limene mwachita, mwana aikepo chizindikiro. Tsiku limene simunachite, musiye choncho popanda ndemanga.

Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, tengani mphindi 10 kuyang'ana kalendalayo. Chayenda n'chiyani, chatikanika n'chiyani, tisinthe pati? Ngati mapemphero a m'mawa akulephereka sabata zitatu zotsatizana, vuto ndi ola limenelo, ndiye asunthireni madzulo. Ngati kuyenda masiku asanu kukukanika, tsitsani kufika atatu. Kusintha cholinga kuti chikwane moyo wanu weniweni si kugonja. Kumapeto kwa Malichi, Juni ndi Seputembala khalaninso pansi nthawi yotalikirapo, muyezetsenso BP ngati inali yokwera, ndipo ngati zoyamba zakhazikika, tengani chimodzi pa mndandanda uja munasunga kumapeto kwa kope.

Gawo 9: Konzekeranitu tsiku limene mudzalephere

Lidzafika ndithu. Kudzabwera maliro, mayeso, alendo, matenda, ulendo wa kuntchito, ndipo kalendala idzakhala yoyera sabata ziwiri. Zimene mudzachite pamenepo zikambiranenitu lero.

Pali kafukufuku amene anachita Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Iwo anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, ndipo anapeza kuti nthawi yoti chinthu chizolowereke inkasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254, pakati pake pakhala masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga ntchito yonse. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti chimene mwayamba pa 1 Januwale chingakhale chikukulemeranibe mpaka kumayambiriro kwa Malichi, mwinanso kupitirira, ndipo kulemerako si chizindikiro choti mwalephera.

Gwirizanani zinthu ziwiri. Choyamba, cholinga chilichonse chikhale ndi kamlingo kake kakang'ono ka tsiku lovuta. Ngati simungathe mphindi 10 za Malemba, vesi limodzi ndi pemphero la mphindi imodzi. Ngati simungathe kuyenda mphindi 30, zisanu. Chachiwiri, mukadukiza, musabweze ngongole yonse. Amene watsalira mitu 14 n'kuyesa kuimaliza tsiku limodzi amatseka buku osalitsegulanso. Pitirizani pamene munasiyira, kapena dumphirani pa deti la lero.

Wachinyamata akayamba kukana kukhala nawo pa mapemphero, musathamangire chilango. Pezani nthawi muli awiri mumufunse chimene chikumuvuta, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Nthawi zina ali ndi mafunso enieni okhudza chikhulupiriro amene akuopa kufunsa pagulu, nthawi zina akungofuna kuonedwa ngati wamkulu. Mupatseni tsiku limodzi pa sabata loti atsogolere iyeyo m'njira yake. Ngati mwamuna ndi mkazi ali a mipingo kapena zipembedzo zosiyana, yambani ndi zimene mukugwirizana, monga kuthokoza Mulungu pa chakudya, kuthandiza osowa ndi zolinga zonse za thanzi, ndipo ana asaikidwe pakati kuti asankhe mbali.

Ngati m'banjamo muli wina amene wakhala wokhumudwa masabata angapo, sakugona, sakudya, wasiya zimene ankakonda, kapena akulankhula zofuna kufa, zolinga zina zonse ziyambe zaima. Mupempherereni, khalani naye pafupi, ndipo mupite naye kwa achipatala mwamsanga, chifukwa matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga matenda ena onse.

Ngati mukuwerenga izi Januwale atadutsa kale, musadikire chaka china. Tsegulani kalendala, sankhani madzulo amodzi sabata ino okambirana akuluakulu nokha, ndi ena sabata yamawa oitanira banja lonse. Konzani kope limodzi, cholembera, ndi pepala lalikulu lokamata pakhoma.